Mlombwa wa a Dafuleni

Amalume anga, a Dafuleni, tinawaika m'bokosi la paini, lija lopepuka limene amagulitsa pa boma, ndipo pamanda panali anthu ena amene analephera kubisa kumwetulira. Mlendo akanati anthu a kwa Kanduku tilibe chisoni. Chisoni chinalipo, chambiri ndithu, koma mudzi wonse unkadziwa kuti munthu ameneyu anali ndi matabwa a mlombwa, ouma bwino, ofiira psuu, amene anawasunga kuti adzagonemo. Unkadziwanso kumene matabwawo anapita. Pamene tinkaimba nyimbo yotsitsira bokosi mu Julaye wapitayu, mlombwa uja unali kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa msuku, njuchi zikung'ung'uza m'kati mwake.

Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Chipewa chawo chinali cha mlaza, chakuda ndi utsi, ndipo m'thumba la jekete simunkasowa kachidutswa ka phula ndi mpeni wothyoka chigwiriro. Polankhula ndi anthu sankamva bwino, unkachita kuwabwerezera, koma akagunditsa khutu pa mng'oma ankakuuza ngati njuchi zili ndi njala, ngati zakwiya, kapena ngati mfumukazi yake yakalamba. Mayi anga, a Esinati, amene anali mlongo wawo, ankati ugonthi umenewo ndi wosankha. Umabwera akamauzidwa zokapalira, umachoka njuchi ikangodutsa.

Nzeru yawo yonse ya njuchi inali pa kathabwa kamodzi kamene ankakatcha chitseko. Ming'oma yawo inali ija yaitali, yokhala ndi timatabwa tondandalikidwa pamwamba, pamene njuchi zimapachikapo zisa. Chitseko chinkalowa m'kati mopingasa, n'kugawa mng'oma pawiri. Chisanu cha Juni chikayamba, maluwa atatha m'tchire, njuchi zimachepa, ndiye iwo ankakankha chitseko kuti zitsale m'kachipinda kakang'ono kamene zingathe kukafunditsa ndi matupi awo. Ankati ukasiyira njuchi zochepa nyumba yaikulu, ana ake amazizidwa, njenjete zimalowa kuchipinda kopanda mwini, ndipo tsiku lina umangopeza mng'oma uli zii. Koma Ogasiti akafika, manachesi akayamba maluwa, mombo ukuphukira masamba ofiira m'mapiri, nkhani inkatembenuka. Mfumukazi imaikira mazira osapuma, ana amaswa, uchi umafuna poikidwa. Ukachedwa kubweza chitseko, njuchi zimaona kuti nyumba yachepa, zimayamba kulera mfumukazi yatsopano, ndipo yakaleyo imanyamuka ndi khamu lalikulu ulendo wa kutchire. Chitsekocho ankachibweza pang'onopang'ono, kapena poko-poko monga ankanenera m'chilankhulo chimene anatola kumalire, osati kutsegula nyumba yonse tsiku limodzi.

Masiku amenewo akayandikira, amalume sankagwirika. Ankadzuka n'kuyamba kununkhiza mphepo pakhomo, kenako ulendo wa m'minda ya eni ake kukaona ngati maluwa a manachesi ayamba kutumphuka. Mwini munda ankapatsidwa moni pomaliza, mitengo yonse itayenderedwa. Akaona njuchi yoyamba ikubwera ndi mungu m'miyendo, ankakuwa kuti anyamata avala makabudula achikasu, ndipo aliyense wodutsa m'njira ankayenera kuima kuti aone makabudulawo. Bambo wina wogulitsa usipa panjinga anaimitsidwa mpaka msika wa ku Thambani unatsala pang'ono kubalalika, ndipo anachoka khutu litatupa, koma akuseka. Ine ndinkawakonda kwambiri amalume m'masiku amenewo. Kuona munthu wa imvi akusangalala choncho ndi kachilombo kunkandipatsa chimwemwe chimene sindinkachipeza kwina kulikonse.

Ndi mayi anga ankakangana tsiku lililonse limene Mulungu analenga. Shuga akatha msanga m'chitini, mayi sankavutika n'kufunsa ana, ankangolunjika kuming'oma n'kukapeza kambale ka madzi otsekemera katabisidwa pansi pa chivundikiro. Chaka china chiperoni chitakhalitsa, bulangete la alendo linasowa m'nyumba, ndipo linakapezeka litafunditsidwa mng'oma wa njuchi zofooka. Mayi ananena mawu ambiri tsiku limenelo, mpaka kufunsa ngati mlendo akabwera adzafunda njuchi. Amalume anayankha kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma njuchi n'zapakhomo. Ankakangananso ndi anyamata otentha tchire posaka mbewa, ndiponso ndi aliyense wopopera mankhwala m'manachesi maluwa ali mbuu, koma mikangano ya ndi mlongo wawo ndi imene ankaikonda. Akayambana m'mawa, madzulo unkawapeza akhala limodzi pakhonde akusenda mtedza, akujeda anthu amene anamwalira kalekale.

Kwathu kuno amalume anabwerera atakalamba kale. Ali mnyamata anakwatira a Nangozo kumudzi wina wa kufupi ndi malire a Mozambiki, n'kukhala kumeneko pachikamwini pafupifupi moyo wawo wonse. Anamanga nyumba, anabzala manachesi, analera ana, anaika ming'oma m'mbali monse mwa mtsinje. Adakali ndi mphamvu anagwetsa mlombwa waukulu, anaucheketsa, n'kugawa matabwa pawiri: ena a bokosi la a Nangozo, ena a bokosi lawo. A Nangozo ndi amene anatsogola. Maliro atatha, abale a mkazi anawasudzula mwaulemu wonse, popanda chipongwe chilichonse, ndipo aliyense anadziwa tanthauzo lake. Nyumba, munda ndi ana n'zakuchikazi, mkamwini abwerere kwawo. Ming'oma anaigawira ana awo. Iwo anadzisankhira kamng'oma kamodzi kakafupi, ka njuchi zosadzaza n'chipewa chomwe, kamene anawo ankati n'kosathandiza.

Anafika kwathu mu Meyi, m'mamawa, akukankha njinga. Pakaliyala panali kamng'oma kaja katatsekedwa pakhomo ndi kansanza, matabwa atamangidwa m'mbali mwa njinga, zovala zili m'thumba la feteleza. Mayi analira powaona. Matabwawo anawalandira ndi manja awiri, anawakweza pamitanda ya denga pabalaza, n'kunena kuti umenewo ndi udindo wawo: mchimwene wawo wabwera wopanda kanthu, koma sadzapita ngati wopanda abale. Mudzi wonse unabwera kudzalonjera, ndipo amuna ankatambasula dzanja kusisita mlombwa uja, poti mitengo yotere kuno inatha kalekale ndi makala. Panalibe munthu, wamkulu kapena mwana, amene sankawadziwa matabwa a a Dafuleni.

Chisanu cha chaka chimenecho amalume sanali munthu. Sankalankhula, chakudya ankangochilawa, ndipo ankakhala pa chitsa pafupi ndi kamng'oma kaja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ife tinkaopa kuti atsatira akazi awo chaka chisanathe. Njuchizo anazipanikiza ndi chitseko pa zisa zowerengeka, ankazipatsa madzi a shuga, ankathira phulusa kumiyendo ya thandala kuti linthumbu lisakwere. Mayi, amene masana ankatukwana tizilomboto, tsiku lina anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndizitipempherera, chifukwa tikafa kapena tikathawa, achimwene awo sadzakhalanso ndi chodzukira m'mawa.

Sizinafe. Ogasiti atalowa, manachesi anachita maluwa ngati akupikisana, fungo lake kumveka mpaka kumjigo. Njuchi zinayamba kuchuluka, amalume n'kumabweza chitseko poko-poko, mawu awonso n'kumabwerera poko-poko. Anayamba kudya, anayamba kuseka, anayambanso kuba shuga ndi mphamvu. Koma kamng'oma kaja kanali kakafupi. Chitseko chinafika kukhoma lakumapeto, ndipo kopita nacho kunalibenso.

Linali Lachinayi, mayi atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, pamene amalume anandiitana ndili pakati pochapa. Njuchi zinali zitaunjikana panja pa khomo la mng'oma, zikulendewera ngati ndevu. Ananyamula chisa chimodzi n'kundionetsa tizikho ta phula m'mphepete mwake, tooneka ngati makoko a mtedza.

"Ukuona, Malita? Zayamba kulera mfumukazi ina. Zikangomata pakamwa pa tizikhoti, basi, zapita."

"Ndiye titani, amalume?"

"Nyumba yaikulu. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

Ndinatchula paini wa kumsika. Anati ndi wauwisi, amapindika, amanunkha utomoni, njuchi zikana. Ndinafunsa kuti tsono matabwa ouma tiwapeza kuti pakati pa sabata. Anangoyang'ana kunyumba ya mayi, kumene kunali matabwa a mlombwa aja.

"Amalume, amayi andipha."

"Akakupha udzakhala wafera zabwino. Tatiye, zengerezu adalinda kwawukwawu."

Tili chiimire choncho njuchi ina inandiluma pansi pa diso, koma panalibe nthawi yodandaula. Tinatsitsa matabwa padenga, fumbi likutigwera m'maso. Amalume anadula bango kuyesa utali wa mng'oma watsopano, anandipatsanso kathabwa kamodzi ka pamwamba kuti mulifupi mwake mufanane ndi mwakale, zisa zidzangosamuka osadulidwa. Anandituma kwa che Yusufu, kalipentala wa ku Thambani, Msilamu, mnzawo wa pabawo, yemwe anali atalonjeza kuti tsiku likadzafika bokosi la a Dafuleni adzakhoma yekha ndi manja ake. Amalume anati atsala, aziziritsa njuchi ndi chiguduli chonyowa kuti zisaganize za ulendo. Tinaitana akabaza awiri, wina ananyamula matabwa, wina ine.

Tsono taganizani zimene anthu anaona m'njira. Kutsogolo matabwa ofiira aja, odziwika mudzi wonse, akuthamangitsidwa kwa kalipentala dzuwa lili pamutu. Kumbuyo mwana wa m'nyumba momwemo, nkhope itatupa, misozi ikuyenderera, chitenje chili kumutu, bango lili m'manja. Kwathu bango lotero ndi muyeso wa maliro. Amayi a pamjigo anatula ndowa. Bambo wina amene ankasosa m'munda anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Ine ndinkangoti anthu lero ali ndi ulemu, n'kumauza wakabaza kuti apalase.

Che Yusufu ataona matabwa anaika hamala pansi n'kugwira pachifuwa.

"Pepani, mwanangu. Dzana lomweli tinali pabawo. Achita nthawi yanji?"

"Sanachite kanthu, che Yusufu, ali bwinobwino. Akuti musiye zonse, muyeso wake ndi uwu."

Anatenga bango n'kuliimika pansi, ndipo linawalekeza m'nthiti. Anayang'ana ine, anayang'ana bango.

"A Dafuleni amene ndikuwadziwa ine salowa umu, ngakhale titawapinda pawiri."

Nditafotokoza, anaseka mpaka anakhala pansi pa utuchi. Kuseka kutatha anafunsa ngati a Esinati akudziwa, ine ndinapukusa mutu. Anasisita thabwa nthawi yaitali, poti sowo ikalowa palibenso kubwerera.

"Ife timapita ndi nsalu yokha, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula," anatero. "Gwirani uko, tiyambe."

Sindinaonepo ntchito yokoma ngati ya tsiku limenelo. Sowo inkalira, utuchi wofiira unkauluka n'kutimata m'thukuta, fungo la mlombwa litadzaza shedi yonse. Anthu a pamsika ankabwera mmodzimmodzi, manja ali kumbuyo, kudzapepesa maliro, n'kuchoka atagwira nthiti. Ena sanachoke n'komwe, anavula malaya n'kuyamba kuthandiza kupala timatabwa ta pamwamba. Che Yusufu sanataye kanthu, ndipo pa chidutswa chomaliza anadulapo chitseko chatsopano.

Za kumudzi ndinazimva pambuyo pake, koma zanenedwa kambirimbiri moti ndimangoona ngati ndinalipo. Uthenga unafika kutchalitchi amayi ali pakati pa nyimbo. Anawagwira mayi anga uku ndi uku, n'kuuyamba wa kunyumba akuimba za maliro, amuna ena atayala kale masamba panjira. Atalowa pabalaza anapeza padenga pali mbee, ndipo kulira kunakula. Analowa m'chipinda cha amalume, pamphasa palibe munthu. Atazungulira kuseri kwa nyumba anapeza malemuwo atagwada pa mng'oma, akukupiza njuchi ndi chipewa. Amayi ena analiyatsa liwiro osatsanzika. Amalume, amene nyimbo yonse ija sanaimve, anatembenuka, anaona khamu la anthu olira, anadzuka mwaulemu n'kufunsa kuti watisiya ndani.

Ife tinafika dzuwa litapendeka, mng'oma utamangidwa mopingasa pakabaza. Kunena zoona unkaoneka ngati bokosi ndithu, moti ena amene anali asanamve anaimirira m'mbali mwa njira. Pabwalo panali podzaza anthu, poti obwera kumaliro anali asanabalalike, aliyense akufuna kuona mathero ake. Mayi anaima kutsogolo kwa njinga, maso ali psuu.

"Achimwene, mwandiliritsa pamaso pa anthu, zimenezo ndakhululuka. Koma ichi n'chiyani?"

"Nyumba, achemwali."

"A Nangozo anagona mu mlombwa. Munapangana kuti mtengo umodzi nonse awiri. Tsiku lanu likadzafika ndidzawauza chiyani ana anu? Kuti ndinalephera kusunga matabwa okha?"

Amalume anavula chipewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"A Nangozo agona kwawo, ine ndidzagona kuno, mlombwa sudzatiyandikizitsa. Nyumba ndinasiya, mitengo ndinasiya, ana ndinasiya, manda a mkazi wanga ndinasiya. Za kumudzi uja zimene zinavomera kunditsata ndi njuchi izi zokha. Ndizisiye zipite chifukwa chosowa pogona, ine ndikusungira mtembo matabwa?"

Mayi anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ine ndinamva chisoni ndi onse awiri, chifukwa aliyense ankanena zoona. Kenako mayi anapatuka panjira ya njinga.

"Ndiye fulumirani, dzuwa likupita. Mwawononga kale."

Apo ndiye ntchito inayaka moto. Amalume anapaka phula m'kati monse mwa mng'oma watsopano, anayatsa zitsononkho m'chitini kuti zitulutse utsi, anasuntha kamng'oma kakale n'kuika watsopano pamalo pomwepo, khomo litaloza komwe linkaloza lakale. Kenako anayamba kusamutsa zisa chimodzichimodzi, m'ndondomeko yomwe anazipezera, akuthyola tizikho tija ndi mpeni. Anthu ankasendera pafupi, wina akukankha mnzake kuti aone. Chisa china chitatuluka, amalume analoza ndi mpeni.

"Uyo, Malita. Uyo mayi wathu."

Ndinaiona mfumukazi, yaitali kuposa zinzake, ikuyenda mosatekeseka pakati pa ana ake. Anaitsitsira m'nyumba yatsopano mosamala ngati akugoneka khanda. Nthawi yomweyo njuchi zimene zinatsalira m'kamng'oma kakale zinatopa nafe, zinadzuka zonse pamodzi, ndipo maliro anathera pomwepo. Amayi a mabulauzi oyera anadumpha mizere ya chinangwa, mkulu wina wa mpingo anasiya nsapato imodzi imene anadzaitenga mawa lake, che Yusufu amene anatiperekeza anakabisala m'khola la mbuzi. Amene sanathawe ndi mayi anga. Anafunda chitenje kumutu, ananyamula chitini cha utsi, n'kuima pambali pa mchimwene wawo akufukiza ndi kulalata nthawi imodzi. Ngakhale pa phokoso lonselo amalume sanazipatse njuchi nyumba yonse. Anaziwonjezera malo pang'ono, n'kutsitsa chitseko chatsopano chija.

Panatsala funso limodzi, ngati zivomere kukhala. Njuchi zikatsimikiza za ulendo nthawi zina sizimva za nyumba yatsopano, ndipo zikanapita, amalume akanatsala opanda njuchi ndiponso opanda bokosi. Masiku otsatirawo sanachoke pa chitsa chija, chakudya tinkawapititsira komweko. Mayi ankanamizira kukathyola ndiwo kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe ndiwo iliyonse. Ndiye m'mawa wina tinangomva kukuwa. Amalume anali atatsegula mbali ya kuchitseko n'kupeza chisa chatsopano, choyera, chaching'ono ngati chikhatho, tizikho kulibe. Nkhalamba ija inavina ngoma pabwalo, chipewa chili chishango, fumbi lili koboo, ikuimba nyimbo yopanda mutu yotamanda anyamata a makabudula achikasu. Mayi anaimba nthungululu, ngakhale kufikira lero amakana kuti sanali iwo.

Kuchokera pamenepo amalume anakhala zaka zambiri, zaphokoso, zokoma. Njuchi za mu mlombwa zinabala ming'oma ina, imene inatsetsereka phiri lonse la kuseri kwathu, ndipo aliyense wofuna kuyamba kuweta njuchi ankachoka kwathu atanyamula kathabwa kopingasa ndi ulaliki wautali wa nthawi yokankhira. Uchi woyamba wa chaka ankaugawa pawiri, botolo lina kutumiza kwa abale a a Nangozo, chisa chonona kupatsa mlongo wawo. Mayi ankalandira, ankadya mpaka kunyambita zala, kenako n'kuwakumbutsa kuti nkhani ya matabwa sinathe. Mawondo atayamba kuvuta, amalume anagawira anthu ming'oma ina yonse n'kutsala ndi wa mlombwa wokha, umene chiswe chinaulephera.

Chaka chino mu Juni anakankha chitseko monga mwa masiku onse, akutsokomola. Chifuwacho sichinawasiye, ndipo anatisiya manachesi asanatumphuke. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale onse atasonkhana n'kumugawa, ndipo ana awo a kumalire anati sangathe kubweranso kufikira kumapeto kwa Seputembala. Jekete linakhala pamsomali, njinga inatsamira khoma, mng'oma unakhala chitsekere. Maluwa atayamba, ndevu zija zinaonekanso pakhomo la mng'oma, ndipo ndinapita kwa mayi.

"Amayi, tingokankha chitseko chokha. Sititengapo kanthu."

"Ayi, Malita. Matabwa ndinalephera kuwasungira. Mwambo wokha ndiwasungira."

Sindinawatsutse. Ndinaona kuti nawonso akuvutika, chifukwa ndiwo za kuseri kwa nyumba anayambanso kukathyola.

Njuchi zinanyamuka masana ena kukutentha. Tinamva mkokomo ngati thiraki ikukwera chitunda, ndipo titatuluka tinapeza mlengalenga mwada ndi njuchi. Ngakhale mtima unkandiwawa, ndinaima kukamwa kuli yasa, chifukwa zinali zochititsa kaso, khamu lalikulu kuposa lililonse limene ndinaonapo, lochokera mu tinjuchi tija tosadzaza chipewa. Zinaunjikana kanthawi pa nthambi ya msuku, kenako zinadzuka, zinazungulira pamwamba pa nyumba, n'kuwoloka phiri chakumadzulo. Mayi anaziyang'ana ali pakhonde mpaka zinazimiririka.

Ana a amalume atabwera, katundu anagawidwa, ndipo mng'oma anati utsale kwa mayi. Tsiku lomwelo tinakautsegula awiriwiri. Mbali ya kukhomo tinapeza njuchi zochepa, zimene zinatsala ndi mfumukazi yaing'ono. Ndinagwira chitseko kuti ndichibweze, koma mayi anandigwira dzanja.

"Chisiye. Zachepa tsopano, njenjete zingalowe."

Ndinachisiya, n'kunyamula timatabwa ta mbali inayo kuti ndingoona. Kuseri kwa chitseko kunali chipinda chachitali, chofiira, chosesedwa bwino, chopanda ngakhale kangaude. Pansi pa kathabwa kalikonse panali mzere wa phula latsopano, pena pakuoneka chala chawo chachikulu pamene anakanikiza. Anakonzeratu zonse mu Juni muja, akutsokomola, kuti Ogasiti akadzafika adzangokankha poko-poko. Malo analipo, okwanira khamu lonse lija ndi uchi wake womwe, ndipo pakati pa njuchi ndi malowo panali thabwa limodzi lokhuthala ngati chala.